Kodi mumadziwa? Thumba la money market, koyambira kwa wofuna kusunga ndalama

Ambiri a ife ndalama zathu zimangogona, kaya mu akaunti ya kubanki, mufoni kapena m'chikwama pansi pa zovala, pamene mitengo ya chimanga, sopo ndi feteleza ikukwerabe. Pali njira ina yosungira imene ambiri sanaizolowere, ndiyo thumba la money market. Nazi mfundo zoti mudziwe musanaikemo kwacha yanu yoyamba.

Kodi mumadziwa kuti thumba la money market ndi ndalama za anthu ambiri zosonkhedwa pamodzi? Aliyense amaika zimene wakwanitsa, wina K20,000, wina K5 miliyoni. Kampani yoyendetsa thumbalo imabwereketsa ndalamazo kwa boma, mabanki ndi makampani akuluakulu kwa nthawi yochepa, kawirikawiri yosapitirira chaka. Obwerekawo akabweza ndi chiwongoladzanja, phindu limagawidwa molingana ndi zimene aliyense anaika. Amene anakhalapo mu banki mkhonde amvetsa msanga: kusonkha, kubwereketsa, kugawana. Kusiyana kwake n'kwakuti pano wobwereka si mnansi wofuna mpamba wa geni, ndipo simudikira kutha kwa chaka kuti mutenge zanu.

Kodi mumadziwa kuti mukaika ndalama mumakhala mwagula mayuniti? Yuniti ndi gawo lanu m'thumbalo. M'matumba ambiri a mtundu umenewu mtengo wa yuniti umakhala pamodzimodzi: ku America ndi dola imodzi, ku South Africa ndi randi imodzi. Chimene chimakula ndi chiwerengero cha mayuniti anu. Phindu limawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri mwezi ukatha limawonjezedwa pa ndalama zanu, kapena kutumizidwa ku akaunti yanu ngati mwasankha choncho.

Kodi mumadziwa kuti mukalowa m'thumba lotere mumakhala mukubwereketsa boma? Matumbawa amakonda kugula ma Treasury bill, omwe ndi ngongole za boma za nthawi yochepa. Ku Malawi, Reserve Bank imawagulitsa m'malo mwa boma, ndipo alipo a masiku 91, 182 ndi 364. Kagulidwe kake n'kotere: mumalipira zochepa lero, tsiku likakwana n'kulandira zokwanira. Pa chiwongoladzanja cha 16 peresenti pachaka, Treasury bill ya K100,000 ya masiku 91 mumaigula pafupifupi K96,200. Masikuwo akatha, boma limapereka K100,000 yathunthu. K3,800 yapamwambayo ndiye phindu.

Kodi mumadziwa kuti ma Treasury bill anayambira ku London mu 1877? Anapereka ganizoli ku boma la Britain ndi Walter Bagehot, mkonzi wa magazini ya The Economist. Dziko la America linayamba kugulitsa ake mu 1929.

Kodi mumadziwa kuti thumba loyamba la money market ku America linabadwa chifukwa anthu wamba ankatsekeredwa kunja? Pa nthawiyo lamulo lotchedwa Regulation Q linkaika malire pa chiwongoladzanja chimene mabanki angapereke kwa osunga ndalama. Phindu labwino linali mu ma Treasury bill, koma kuti ugule unkafunika madola 10,000, ndalama zimene mphunzitsi kapena namwino sakanazipeza nthawi imodzi. Mu 1971, Bruce Bent ndi Henry Brown a ku New York anakhazikitsa Reserve Fund kuti anthu a zochepa asonkhe pamodzi n'kufikira phindu lija. Mpaka lero ntchito yeniyeni ya matumbawa ndi yomweyo: kutsegulira wa zochepa khomo limene ankalowa olemera okha.

Kodi mumadziwa kuti lero matumbawa akusunga ndalama zosaneneka? Mu 1974 kampani ya Fidelity inalola makasitomala ake kulemba macheke pa ndalama za m'thumba, ndipo anthu anakhamukirako. Pofika 2025, matumba a money market a ku America okha anali ndi madola oposa 7 thiriliyoni.

Kodi mumadziwa kuti thumba lina linakula kuposa onse ndi timakobiri totsalira mufoni? Mu Juni 2013, Alipay ya ku China inayambitsa Yu'e Bao, thumba loyendetsedwa ndi kampani ya Tianhong. Munthu ankatha kuika ngakhale yuan imodzi yotsala atagula zinthu. Pofika 2017, linali thumba la money market lalikulu kuposa onse padziko lapansi.

Kodi mumadziwa kuti foni yatsegulanso njirayi kuno ku Africa? Ku Kenya, Safaricom ili ndi thumba la Ziidi limene munthu amalowa kudzera pa M-Pesa ndi mashilingi 100 okha. Ku Malawi, Old Mutual Unit Trust ili ndi thumba la money market, ndipo inagwirizana ndi TNM kuyambitsa Mpamba Fesa, njira yoikira ndalama pang'onopang'ono kudzera pafoni. Wogulitsa tomato ku Lizulu safunikanso kutseka benchi tsiku lonse kuti akaime pamzere mumzinda.

Kodi mumadziwa chifukwa chake amati chiwopsezo chake n'chochepa? Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, ngongole zake n'zazifupi, choncho ndalama zimabwerera msanga zinthu zisanasinthe kwambiri. Chachiwiri, obwereka amasankhidwa mosamala: boma, mabanki okhazikika ndi makampani odziwika kuti amabweza. Chachitatu, ndalama zimamwazidwa kwa obwereka ambiri, kuti mmodzi akalephera asagwetse onse. Ku America malamulo amati matumbawa asagule ngongole yotalika kuposa masiku 397, ndipo kutalika kwa ngongole zonse, pakati ndi pakati, kusapitirire masiku 60.

Kodi mumadziwa kuti woyendetsa thumba sindiye amasunga ndalamazo? M'thumba lokhazikitsidwa mwalamulo mumakhala mbali ina yapadera, kawirikawiri banki, imene imasunga chuma cha thumbalo m'dzina la eni mayuniti n'kumayang'anira kuti woyendetsa akutsata malamulo. Cholinga n'chakuti kampani yoyendetsa ikagwa m'mavuto akeake, ndalama zanu zisatengedwe kukabweza ngongole zake. Dzina la msungiyu limalembedwa m'zikalata za thumba. Lifufuzeni.

Kodi mumadziwa kuti chiwopsezo chochepa sichitanthauza kuti palibiretu? Pa 15 Seputembala 2008, banki ya Lehman Brothers inagwa ku New York. Reserve Primary Fund, thumba la kampani yomwe ija inayambitsa zonsezi mu 1971, linali litabwereketsa bankiyo madola 785 miliyoni. Tsiku lotsatira linalengeza kuti yuniti ya dola imodzi yatsika kufika pa masenti 97. Mantha anafalikira, ndipo m'sabata imodzi anthu anatapa madola pafupifupi 300 biliyoni m'matumba obwereketsa mabanki ndi makampani. Pa 19 Seputembala boma la America linalonjeza kuteteza matumbawo kwa kanthawi, mpungwepungwe n'kuzizira. Eni mayuniti a Reserve Primary Fund anadzalandira pafupifupi masenti 99 pa dola iliyonse, koma atadikira nthawi yaitali. Zoluza zinali zochepa. Chopweteka chinali chakuti ndalama zimene munthu ankadalira kutapa mawa zinatsekeka.

Kodi mumadziwa kuti zotere zinachitikanso ku South Africa? Mu Ogasiti 2014, African Bank inatitimira chifukwa cha ngongole zimene anthu ankalephera kubweza, ndipo banki yaikulu ya dzikolo inalowererapo. Amene anabwereketsa bankiyo ngongole zikuluzikulu anauzidwa kuti aluza 10 peresenti. Matumba angapo a money market anali m'gulu limenelo. Poti ndalama zawo zinali zomwazidwa, kuluza kwa eni mayuniti kunali kochepa: m'thumba lina lalikulu kunali 0.3 peresenti. Pa R10,000 imeneyo ndi R30. Apa mpamene kumwaza ndalama kumaonetsa ntchito yake.

Kodi mumadziwa kuti nalo boma limatha kupanikizika ndi ngongole? Mu Disembala 2022, boma la Ghana linapempha amene linawabwereka m'dziko momwemo kuti asinthe ngongole zawo zazitali n'kulandira zatsopano za chiwongoladzanja chotsika komanso zobwezedwa mochedwa. Ma Treasury bill sanakhudzidwe. Phunziro lake ndi la mbali ziwiri: kubwereketsa boma kuli ndi chiwopsezo chake, koma ngongole yaifupi ili pabwino kuposa yaitali. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa kuti thumba lanu lagula ngongole zotalika bwanji.

Kodi mumadziwa kuti ndalama za m'thumba sizili pansi pa inshuwalansi ya madipoziti? Ku Malawi kuli bungwe la Deposit Insurance Corporation, limene limateteza ndalama zosungidwa m'mabanki mpaka pamlingo woikika ngati banki yagwa. Ku America bungwe lotere ndi FDIC, ndipo mlingo wake ndi madola 250,000. Thumba la money market si dipoziti ayi, ngakhale mutalilowa kudzera kubanki yanu. Chitetezo chake chili m'malamulo, mwa msungi wapadera uja, ndi m'kasankhidwe ka obwereka.

Kodi mumadziwa kuti mdani wamkulu wa wosunga ndalama kwathu kuno ndi kukwera kwa mitengo? Mu 2024, ma Treasury bill a ku Malawi ankapereka 16 peresenti pa masiku 91, 20 peresenti pa masiku 182, ndi 26 peresenti pa masiku 364. Manambala okopa ndithu. Koma chaka chomwecho mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 32 peresenti. Tiyeni tiwerenge. Munthu waika K100,000 m'thumba lopereka 20 peresenti, chaka chatha ali ndi K120,000. Katundu amene ankagula K100,000 tsopano ali pa K132,000. Ndalama zake zikugula magawo 91 pa 100 a zimene zinkagula kale. Mnzake amene anasunga K100,000 m'nyumba akugula magawo 76 okha. Onse awiri abwerera m'mbuyo, koma woyambayo wapulumutsa zambiri. Pa chaka chovuta, thumba limachepetsa bala. Pa chaka chimene mitengo yakhazikika, limatha kukupititsani patsogolo.

Kodi mumadziwa kuti thumba la kwacha siliteteza kwacha ikagwa? Mu Novembala 2023, Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali ndi K1,180,000 anagona ali ndi ndalama zogula madola 1,000, n'kudzuka ali ndi zosakwana madola 700. M'thumba munalibe chosowa ngakhale tambala imodzi, koma kwa wooda katundu ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, mpamba unali utachepa. Ngati mukusungira chinthu chogulidwa kunja, muziganizira zimenezi.

Kodi mumadziwa kuti phindu lolengezedwa lero si lonjezo la mawa? Phindu la thumba limatsatira chiwongoladzanja cha pamsika. Banki yaikulu ikakweza, phindu limakwera. Ikatsitsa, limatsika pakangopita milungu kapena miyezi yochepa, pamene ngongole zakale zikutha n'kugulidwa zatsopano. Ku Japan, banki yaikulu itatsitsa chiwongoladzanja kufika pansi pa ziro mu 2016, makampani anatseka matumba awo a money market n'kubweza ndalama kwa eni ake, chifukwa munalibenso phindu logawa.

Kodi mumadziwa kuti phindu losiyidwa m'thumba nalo limabala? Tiyerekeze kuti mwaika K200,000 pa 18 peresenti pachaka. Chaka choyamba phindu ndi K36,000, zonse pamodzi K236,000. Mukapanda kutapa, chaka chachiwiri phindu ndi K42,480, chifukwa K36,000 ija nayo yagwira ntchito. Pali kawerengedwe kachidule: gawani 72 ndi chiwongoladzanja, mupeza zaka zimene ndalama zingatenge kuti ziwirikize kawiri. Pa 18 peresenti ndi zaka pafupifupi 4. Kawerengedwe komweko kamagwiranso pa mitengo: ikamakwera ndi 30 peresenti pachaka, imawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi ziwiri ndi theka.

Kodi mumadziwa kuti nambala yolembedwa pa chikwangwani si imene imafika m'manja mwanu nthawi zonse? Kampani yoyendetsa imadula malipiro ake chaka ndi chaka, nalo boma limadula msonkho pa chiwongoladzanja. Matumba awiri akhoza kulengeza nambala yofanana, wina atachotsa kale malipiro, wina asanachotse. Funsani momveka kuti: "Ndikaika K100,000 lero, mutachotsa zanu ndi msonkho, nditsala ndi zingati chaka chikatha ngati chiwongoladzanja sichisintha?" Wogwira ntchito wodziwa zake amayankha ndi manambala papepala.

Kodi mumadziwa kuti mukhoza kutapa nthawi iliyonse, koma osati mphindi yomweyo? Pa fixed deposit mumagwirizana ndi banki kuti ndalama zikhale miyezi yakutiyakuti, ndipo mukatapa msanga mumaluza gawo la chiwongoladzanja. M'thumba la money market mumapempha, ndalama n'kufika mu akaunti pakapita tsiku limodzi kapena masiku ochepa ogwira ntchito. Mukapempha Lachisanu madzulo, musadabwe kuziona sabata yotsatira. Choncho ya mankhwala a usiku womwewo ndi ya thiransipoti muzisunga pafupi.

Kodi mumadziwa kuti thumbali limayenerera kwambiri ndalama zimene zili ndi tsiku lake? Taganizirani mlimi wa ku Mchinji amene wagulitsa soya mu Meyi, K600,000 ili m'manja, koma feteleza ndi mbewu adzagula mu Okutobala. Miyezi isanu imeneyo ndalama zikakhala m'nyumba, zimayamba kutha pang'onopang'ono: mlamu wabwera kudzabwereka, pamsika pafika chitenje chatsopano, kwa aneba kuli chinkhoswe. Zikakhala m'thumba la 18 peresenti, zibala pafupifupi K45,000 msonkho usanachotsedwe, ndipo pofuna kutapa pamafunika kaye kupempha, zimene zimapatsa munthu mpata woganiza kawiri. N'chimodzimodzi ndi fizi ya teremu yamawa, lendi ya shopu, ndalama za malata amene mukuunjikira, kapena thumba la gulu la amayi limene likudikira tsiku logawana.

Kodi mumadziwa kuti akatswiri ambiri amalangiza kuyamba ndi ndalama za pangozi? Izi ndi ndalama zokwanira kuyendetsa pakhomo kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi ntchito itatha kapena matenda atagwa. Banja limene limagwiritsa ntchito K250,000 pamwezi lingayambe ndi cholinga cha K750,000, kuika pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Amene ali ndi ndalama zotere sathamangira kwa akatapila. Koma ngati muli kale ndi ngongole ya katapila, yambani mwabweza imeneyo, chifukwa palibe thumba limene lingabale mofulumira kuposa mmene ngongoleyo ikukulira.

Kodi mumadziwa kuti thumbali silinapangidwire kulemeretsa munthu? Ndalama za ukalamba kapena za sukulu ya mwana amene ali kumsana zimafunika njira zokula kwambiri pa zaka zambiri, monga penshoni, malo, kapena masheya a pa Malawi Stock Exchange, kumene kampani yoyamba, NICO, inalembetsa mu 1996. Masheya amakwera ndi kutsika, ndipo amafuna mtima wodekha. Thumba la money market ndi poyambira pabwino chifukwa limakuphunzitsani kuwerenga sitetimenti, kumvetsa chiwongoladzanja ndi kuzolowera kuika ndalama mwezi uliwonse, popanda kukuikani pa chiwopsezo chachikulu.

Kodi mumadziwa kuti akuba amabwereka mayina a zinthu zenizeni? Mu 1920, Charles Ponzi wa ku Boston ankalonjeza phindu la 50 peresenti m'masiku 45. Ankalipira oyamba ndi ndalama za obwera pambuyo, mpaka zonse zinagwa chaka chomwecho. Njira yakeyo idakalipo, masiku ano ikuyenda pa WhatsApp ndi Facebook. Muyeso wake ndi wosavuta: thumba lenileni limapeza phindu pobwereketsa boma ndi mabanki, choncho silingapereke zotalikirana kwambiri ndi zimene ma Treasury bill akupereka. Wina akalonjeza 30 peresenti pamwezi, akanena kuti phindu n'lotsimikizika, akakuuzani kuti mubweretse anzanu kuti mukwere, kapena akafuna kuti mutumize ndalama ku nambala ya munthu, chokanipo.

Kodi mumadziwa kuti mungathe kufufuza nokha ngati kampani ili ndi laisensi? Ku Malawi matumba otere amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank, potsatira malamulo a Financial Services Act ndi Securities Act a 2010. Ku Zambia ntchitoyi ili m'manja mwa Securities and Exchange Commission, ku South Africa mwa Financial Sector Conduct Authority, ku Britain mwa Financial Conduct Authority. Musakhutire ndi chithunzi cha satifiketi chimene mwatumiziridwa pafoni. Funsani ku bungwe loyang'aniralo.

Kodi mumadziwa kuti kuyamba sikufuna zambiri? Kawirikawiri amafuna chiphaso cha unzika kapena pasipoti, umboni wa kumene mumakhala, akaunti yolandirira ndalama, ndi fomu yolembetsera. Musanasaine, pemphani pepala lofotokoza za thumbalo ndipo mupeze mayankho a mafunso asanu awa. Ndalama zabwereketsedwa kwa yani, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji? Msungi wapadera ndani? Malipiro onse ndi angati? Kutapa kumatenga masiku angati? Phindu la miyezi 12 yapitayi linali lotani poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo?

Mukakhutira ndi mayankho, yambani ndi zochepa. Pakatha mwezi, werengani sitetimenti muone phindu limene lalowa, kenaka tapani kagawo kuti mudzionere nokha masiku amene ndalama zimatenga kufika. Zikayenda monga anakuuzirani, sankhani tsiku limodzi pamwezi, makamaka lolandira malipiro kapena logulitsa katundu, ndipo muziika tsiku lomwelo musanayambe kugula zina.